Mafunso ndi mayankho: kulemba chifukwa chimene ntchito yomanga yasinthira

Ntchito yomanga imene imatha ndendende monga inajambulidwira pa pulani ndi yosowa kwambiri. Khoma limasuntha, maziko amazama kuposa mmene ankaganizira, mwini nyumba amatulukira tsiku lina n'kunena kuti windo lija likule. Zimenezi n'zozolowereka. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi zikalata zosinthira ntchito zimene ndawerenga m'zaka zanga pa ntchitoyi. Mbali ya ndalama amailemba mosamala mpaka kakobiri komaliza, koma pamalo pa chifukwa pamangokhala mawu awiri kapena atatu, mwina popanda kanthu n'komwe. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi eni ntchito, makontrakitala ndiponso mainjiniya amene angoyamba kumene.

Kodi change order n'chiyani kwenikweni?

Ndi chikalata chimene chimasintha kontrakiti ntchito ili mkati. Ku America amachitcha change order. M'makontrakiti a FIDIC, bungwe la mainjiniya alangizi lomwe linakhazikitsidwa mu 1913 ndipo likulu lake lili ku Geneva, kusinthako amakutcha variation, ndipo m'buku lawo lofiira la 1999 nkhaniyi ili pa ndime 13. Makontrakiti a NEC a ku Britain ali ndi dzina lawo, compensation event, limene limaphatikizanso zinthu zina zochedwetsa ntchito kapena kuikwezetsa mtengo.

Dzina lisakuvutitseni. Chikalatacho chimayankha mafunso atatu: ntchito yasintha pati, ndalama za kontrakiti zakwera kapena zatsika bwanji, ndipo tsiku lomalizira lasuntha kapena ayi. Fomu ya G701 ya AIA, bungwe la ojambula mapulani a nyumba la ku America, imene imagwira ntchito kwambiri kumeneko, imasayinidwa ndi anthu atatu: mwini ntchito, kontrakitala ndi wojambula mapulani. Funso lachinayi, lakuti zasinthiranji, ndi limene anthu amalilumpha, ndipo tsamba lino lonse likunena za funso limenelo.

Ngati tagwirizana kale pa ndalama, chifukwa chikufunikiranji?

Chifukwa ndicho chimaloza wolipira. Tiyerekeze kuti pa maziko pathiridwa konkire yowonjezera, makyubiki mita 12. Konkireyo ndi imodzimodzi, simenti yake, mchenga wake ndi miyala yake sizisintha. Koma ngati inawonjezeka poti mwini ntchito anafuna chipinda china, alipira iyeyo ndipo kontrakitala angapatsidwenso masiku owonjezera. Ngati inawonjezeka poti dothi linapezeka lofewa kusiyana ndi zimene lipoti la kafukufuku wa nthaka linanena, kontrakiti ili ndi ndime yakeyake yogawira chiopsezo chimenecho. Ngati inawonjezeka poti woyendetsa makina okumbira anapitirira muyezo, kontrakitala adzionera yekha, palibe change order. Ndipo ngati pulani ya injiniya ndiyo inalakwika, mwini ntchito angalipire kontrakitala lero, mawa n'kukafunsa injiniyayo kapena kampani yake ya inshuwaransi. Konkire imodzi, olipira anayi osiyana. Pepala lolembedwa kuti “konkire yowonjezera pa maziko, makyubiki mita 12” silinanenepo chilichonse pa nkhani imeneyi.

Palinso china. Amene mwagwirizana lero si amene adzatseke mabuku. Pa ntchito ya zaka ziwiri kapena zitatu, woyang'anira amasamutsidwa, kapitawo amapeza ntchito kwina, wowerengera mitengo amapuma. Wobwera m'malo mwawo amangopeza fayilo. Ofufuza za chuma, banki imene inabwereketsa ndalama, komiti imene imavomereza bajeti, onsewa sanaone dzenje lija lili lotsegula. Akafunsa kuti ndalamazi zinapitiranji, yankho lawo ndi pepala basi.

Zifukwa zimene zimabwera kawirikawiri ndi ziti?

Chofala kwambiri ndi mwini ntchito kusintha maganizo, ndipo palibe cholakwika pamenepo, nyumbayo ndi yake. Chachiwiri ndi mapulani: cholakwika, chosiyidwa, kapena mapulani awiri otsutsana, monga paipi ya madzi imene pulani ina ikuidutsitsa pomwe pulani inzake yaikapo bimu. Kenako pali zobisika pansi pa nthaka kapena mkati mwa nyumba yakale: thanthwe, madzi, maziko akale, mawaya amene sali pa mapu. Malamulo a boma amathanso kusintha kontrakiti itasayinidwa kale, ndipo FIDIC ya 1999 inaika ndime 13.7 pa nkhani imeneyi. Katundu wina amasowa pa msika kapena amasiya kupangidwa. Nthawi zina kontrakitala mwiniwake amabweretsa nzeru yochepetsa mtengo kapena nthawi, ndipo ndime 13.2 ya buku lomwelo imamulola kugawana phindu ndi mwini ntchito.

Makampani ambiri amapatsa zifukwazi manambala kapena zilembo kuti aziziwerenga mosavuta pamapeto pa chaka. Zimenezo n'zabwino. Koma nambala si chifukwa, ndi kabati chabe kosungiramo chifukwa. Kulemba “C” pa fomu n'kusiya osafotokoza n'chimodzimodzi kusalemba.

Kodi kulemba kuti “mwini ntchito wapempha” sikokwanira?

Ayi, ndipo mawu amenewa ndi amene andipwetekapo ine ndemwe. Pa ntchito ina yomanga maofesi, khomo la chipinda chosungiramo makina amagetsi linakulitsidwa, zimene zinachititsa kuti tigumule mbali ya khoma lomwe linali litapakidwa kale pulasitala. Ndinalemba kuti mwini ntchito wapempha, poti ndi woimira mwini ntchitoyo amene anaima pakhomopo, tepi ili m'manja, n'kunena kuti apa pakule. Onse anasayina. Patapita miyezi khumi ndi umodzi, tikutseka mabuku, bwana wina watsopano wa kampaniyo anafunsa kuti anapempha ndani, popeza iwo analibe kalata iliyonse yopempha zimenezo. Tinafufuza masiku atatu. Zoona zake zinali zakuti makina amene anasankhidwa pa pulani yamagetsi anali otambalala kuposa khomo limene linajambulidwa pa pulani ya nyumba. Woimira mwini ntchito uja sanasinthe maganizo, anangoona vutolo poyamba. Chifukwa chenicheni chinali mapulani awiri osagwirizana, ndipo ine ndinachikwirira ndi mawu atatu osavuta kulemba. Kontrakitala analipidwa, koma mwini ntchito anataya mwayi wofunsa amene anajambula, poti pepala limene iye mwini anasayina linkanena kuti cholinga chinali chake.

Kuchokera tsiku limenelo ndimadzifunsa kawiri kapena katatu ndisanalembe. Wapempha, inde, koma wapempheranji? Chamuchititsa n'chiyani? Amene walankhula pomaliza nthawi zambiri si amene wayambitsa.

Ndiye chifukwa cholembedwa bwino chimaoneka bwanji?

Chimanena zimene kontrakiti inkayembekezera, zimene zapezeka kapena zalamulidwa, ndani anaona ndipo liti, ndi pepala liti limene likuikira umboni. Nachi chitsanzo changa:

“Pulani S-04, kope B, ikusonyeza maziko a khoma la kumpoto akuya mita 1.2. Lipoti la nthaka, tsamba 9, likusonyeza dothi lolimba pa kuya kumeneko. Pa 14 March, pokumba pakati pa mzere 3 ndi mzere 6, panapezeka dothi lothiridwa losakanikirana ndi zibenthu za njerwa mpaka mita 2.1. Kapitawo anaimitsa ntchito 10 koloko m'mawa. Injiniya anafika tsiku lomwelo, anayeza, ndipo pa 15 March anapereka malangizo nambala 17 oti akumbe mpaka dothi lolimba n'kuthiramo konkire. Zithunzi 6 ndi miyezo yosayinidwa ndi mbali zonse ziwiri zaphatikizidwa. Ndime ya kontrakiti: 4.12 ya FIDIC, yonena za zopezeka pamalo zimene sizikanayembekezereka.”

Mizere yochepa chabe, koma munthu amene sanapondepo pa saiti angaimve. Onaninso kuti mulibe mawu akuti mwatsoka, mosasamala kapena mwadala. Muli madeti, miyezo ndi manambala a mapepala. Kope la pulani musamaliiwale. Pulani imodzi imatha kutuluka kasanu, ndipo mkangano wambiri umakhala wakuti amisiri anali ndi kope liti m'manja tsiku limenelo.

Chinthu china chimene ndimalimbikitsa ndi kulemba njira zina zimene munaziganizira n'kuzikana. Mzere umodzi ukwanira: tinaganiza zosuntha khomalo koma likanalowa m'malire a msewu. Wowerenga wa chaka chamawa adzafunsa kuti bwanji simunangochita zakutizakuti, ndipo ndi bwino apeze kuti munaliganizira kale funso lakelo.

Ayenera kulemba ndani?

Amene waona poyamba alembe zimene waona, amene ali ndi mphamvu pa kontrakiti alembe lamulo. Kapitawo sangavomereze ndalama, koma buku lake la tsiku ndi tsiku ndilo gwero la zonse. Injiniya kapena wojambula mapulani ndiye amapereka malangizo, ndipo mwini ntchito amasayina. Werengani kontrakiti yanu kuti mudziwe amene ali ndi mphamvu yolamula kusintha, chifukwa si aliyense wovala chisoti choyera amene angakulamuleni. Malangizo ochokera kwa munthu wopanda mphamvu angakugwiritseni ntchito yaulere.

Tilembe liti? Kodi sitingadikire kumapeto kwa mwezi?

Lembani tsiku lomwelo. Makontrakiti ambiri ali ndi malire a masiku, ndipo ena ndi ouma kwambiri. Pa FIDIC ya 1999, ndime 20.1 imapatsa kontrakitala masiku 28 kuchokera pamene anadziwa, kapena pamene anayenera kudziwa, za chinthu chimene akufunira ndalama kapena nthawi yowonjezera. Akapitirira osapereka chidziwitso, ufulu wake watha, ngakhale nkhani yake ikhale yoona chotani. Tsatanetsatane wake amayenera kufika pasanathe masiku 42, ndipo m'kope la 2017 masikuwa anawonjezedwa kufika 84, koma 28 aja anatsala momwemo. Pa NEC, ndime 61.3 imapereka masabata asanu ndi atatu. Pa chikalata cha A201 cha AIA ndi masiku 21.

Koma ngakhale pakanakhala palibe malire, ndikanakuuzanibe kuti musadikire. Ntchito yomanga imakwirira umboni wake womwe. Lero dzenje lili pululu, mawa mwathiridwa konkire, mkuja pamwamba pake pali njerwa. Madzi akatayika sawoleka. FIDIC imatchula mwachindunji zolemba za nthawi yomweyo, ndipo oweruza mikangano ya zomangamanga amakhulupirira kapepala kodetsedwa ndi matope kolembedwa tsiku la chochitikacho kuposa lipoti lokongola lolembedwa patapita miyezi isanu ndi umodzi. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: wolemba tsiku lomwelo sankadziwa kuti nkhaniyi idzathera kuti, choncho analibe chokometsera.

Injiniya wandiuza pakamwa kuti ndisinthe. Ndichite bwanji?

Mulembereni inuyo. Musadikire kuti alembe iye, ali ndi masaiti ena anayi m'mutu mwake. Imelo yaifupi ikwanira: lero 2 koloko masana munandiuza kuti ndikweze windo la chipinda 5 ndi masentimita 30 poti likuwombana ndi kabati ya pa pulani ya zamkati, ndikutsimikiza malangizowa, ndipo ndikuona kuti akhudza ndalama ndi nthawi. FIDIC ya 1999, pa ndime 3.3, inakonzeratu njira imeneyi. Kontrakitala akatsimikiza malangizo apakamwa mwa kulemba pasanathe masiku awiri ogwira ntchito, injiniya n'kukhala chete masiku enanso awiri, kalata ya kontrakitalayo imasanduka malangizo olembedwa.

Samalani kwambiri ndi malangizo odutsa m'kamwa mwa anthu awiri kapena atatu. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Injiniya wauza kapitawo, kapitawo wauza mmisiri, mmisiri wauza womuthandiza, ndipo masentimita 30 afika ali 13. Chifukwa chake ndiye chimagwera panjira poyambirira penipeni.

Tapeza thanthwe kapena madzi pansi. Umboni wake tisonkhanitse bwanji?

Choyamba, imani. Musaphwanye, musapope, musakwirire wina asanaone. Malamulo a makontrakiti a boma la America, pa ndime FAR 52.236-2, amanena kuti kontrakitala adziwitse mwa kulemba zinthuzo zisanasokonezedwe, ndipo nzeru imeneyi ndi yothandiza kulikonse. Ndimeyi imasiyanitsa mitundu iwiri: zimene zasiyana ndi zomwe mapepala a kontrakiti ananena, ndi zachilendo zimene munthu wodziwa ntchito sakanaziyembekezera pamalo otero. Polemba chifukwa, nenani kuti lanu ndi liti mwa awiriwa, poti umboni wake ndi wosiyana. Loyamba limafuna kuti muloze tsamba ndi mzere wa lipoti limene linanena zina. Lachiwiri limafuna kuti musonyeze chifukwa chake palibe akanadziwa.

Pojambula zithunzi, ikanimo tepi kapena ndodo yoyezera, ndipo chithunzi chimodzi chikhale chapatali chosonyeza malowo pamodzi ndi chizindikiro chodziwika, monga ngodya ya nyumba kapena chikhomo cha mzere. Ndaonapo zithunzi makumi anayi za thanthwe, zonse zojambulidwa pafupi, zooneka bwino, koma palibe ndi chimodzi chomwe chosonyeza kuti thanthwelo lili pa saiti imeneyo. Yezani pamodzi ndi woimira mbali inayo, musayine nonse pa pepala la miyezo dzenje likadali lotsegula. Lembani makina amene anaima, maola angati, ndi anthu angati. Ngati ntchitoyo ilipidwa powerengera maola ndi zipangizo, mapepala a tsiku lililonse asayinidwe tsiku lomwelo, osati Lachisanu onse pamodzi.

Kusintha kwina sikukhudza ndalama. Kodi nakonso tilembe chifukwa?

Apa ndiye pamene ndimafuna anthu amvetse kwambiri, poti nkhani yake si ya ndalama, ndi ya miyoyo.

Pa 17 July 1981, mu hotela ya Hyatt Regency mumzinda wa Kansas City, milatho iwiri yoyendapo anthu imene inali yolenjekeka m'mwamba mwa holo inagwa, ndipo anthu 114 anafa, oposa 200 anavulala. Pulani yoyamba inali yakuti ndodo zazitsulo zitalizitali zichokere kudenga, zidutse pa mlatho wa nsanjika yachinayi, n'kupitirira mpaka pa mlatho wa nsanjika yachiwiri. Kupanga ndi kumanga ndodo zoterozo kunali kovuta, choncho zinasinthidwa kukhala ziwiriziwiri: ina yochokera kudenga kufika pa mlatho wapamwamba, ina yochokera pa mlatho wapamwambawo kufika pa wapansi. Pa pepala kusinthaku kunkaoneka kochepa. Koma kunachititsa kuti polumikizira pa mlatho wapamwamba pasenze katundu wowirikiza kawiri, wa milatho yonse iwiri. Mapulani a opanga zitsulo anadindidwa popanda wowerengeranso mphamvu ya polumikizirapo. Mainjiniya awiri analandidwa ziphaso zawo.

Nkhani ina inathera bwino, koma inatsala pang'ono. Nyumba ya Citicorp Center ku New York, ya nsanjika 59, inatha mu 1977. Chaka chotsatira, injiniya wake William LeMessurier anazindikira kuti polumikizira zitsulo zolimbitsa nyumbayo, pomwe pulani inati pawotchereredwe, panamangidwa ndi mabawuti pofuna kuchepetsa mtengo. Atawerengeranso ndi mphepo yowomba chapangodya, anapeza kuti nyumbayo inali pa ngozi. Anaulula, ndipo mu 1978 amisiri ankawotcherera zitsulo zowonjezera usiku mpaka vutolo linatha.

Nkhani ziwirizi zikufanana pa chinthu chimodzi. Kusintha kunali ndi chifukwa chomveka, kupepukitsa ntchito kapena kuchepetsa mtengo, koma sikunaimitsidwe kuti wina afunse kuti kukukhudzanso chiyani. Munthu akakakamizika kulemba kuti tikusintha ichi chifukwa cha ichi, funso lotsatira limadzibweretsa lokha: nanga pulani yoyamba inachitiranji mwanjira inayo? Pa fomu iliyonse imene ndimakonza ndimaikapo mzere wakuti, kodi kusinthaku kwaonedwa ndi amene anawerengera mphamvu ya nyumbayi, dzina lake ndi deti. Kusintha kukhale kwa ndalama zambiri kapena kopanda ndi kobiri lomwe, mzere umenewu usasiyidwe.

Kulemba kuti pulani inalakwika, kodi sikudanitsa anthu?

Mantha amenewa ndi enieni ndipo sindiwapeputsa. Nthawi zambiri amene amavomereza change order ndi yemweyo amene anajambula pulani yolakwikayo, ndipo kontrakitala akufunanso ntchito ina kwa iye chaka chamawa. N'chifukwa chake zolakwika zambiri za mapulani zimalembedwa kuti “zofunika pa saiti” kapena “kukonza pang'ono”.

Njira yake ndi kulemba zimene zili pa pepala, osati kuweruza munthu. Simukuyenera kunena kuti injiniya analakwitsa. Lembani kuti pulani A-12 ikusonyeza khomo la masentimita 90, pulani E-03 ikusonyeza makina a masentimita 110, ndipo awiriwa sangagwirizane. Palibe angakwiye ndi muyezo umene anaulemba yekha, ndipo amene ali ndi udindo wogawa mlandu adzagawa. Mainjiniya abwino amene ndagwira nawo ntchito amakonda zimenezi kuposa kubisa, poti cholakwika chodziwika msanga n'chotsika mtengo, ndipo amakakonza pa ntchito yotsatira. Palibe pulani ya masamba mazana imene ilibe cholakwika ngakhale chimodzi.

Chimene ndimakana ndi kugulana kwa mseri: iwe usalembe kuti pulani yanga inalakwika, ine ndikuvomerezera masiku amene unachedwa wekha. Awiriwo amatuluka akumwetulira, koma amene walipira zonse ndi mwini ntchito, ndipo sadziwa.

Nanga tikasiyana maganizo pa chifukwa chake?

Lembani zonse ziwiri, ntchito ipitirire. Palibe lamulo lakuti chikalata chikhale ndi mawu amodzi. Kontrakitala akuti dothi linasiyana ndi lipoti, injiniya akuti munthu wodziwa ntchito akanaziona poyendera malo asanapereke mtengo. Zilembedwe motero, pamodzi ndi zimene onse akuvomereza, monga miyezo ndi madeti. AIA ili ndi fomu ina, G714, imene mwini ntchito ndi wojambula mapulani amalamulira kuti ntchito ichitike mtengo usanagwirizanidwe, ndipo makontrakiti ena ali ndi njira zofanana nayo.

Musasayine chifukwa chimene simukugwirizana nacho pongofuna kuti ndalama zituluke msanga. Werenganinso bwino mawu a m'munsi mwa fomu. Ma change order ambiri amanena kuti ndalama zalembedwazo ndi zonse, kuphatikizapo kuchedwa kulikonse kochokera pa kusinthako. Ngati simunadziwe kuti masiku akhudzidwa bwanji, lembani kuti nkhani ya nthawi ikadali yotsegula. Pamalo pa masiku musamasiye popanda kanthu, poti ena adzawerenga kuti ziro.

Kodi mauthenga a pa WhatsApp ndi umboni?

Amathandiza kusonyeza amene ananena chiyani ndi nthawi yake, koma makontrakiti ambiri amatchula njira yovomerezeka yoperekera chidziwitso, ndipo uthenga wa pa foni ungakhale kunja kwa njirayo. Mafoni amatayikanso, ndipo munthu akachoka pa kampani amapita nayo. Uthenga wofunika usamutsidwe tsiku lomwelo, ulowe mu imelo kapena m'kalata, n'kusungidwa mu fayilo ya ntchito.

Kaundula wa zosintha ndi wofunikadi, kapena ndi ntchito yongowonjezera?

Ndi tsamba limodzi, pa kompyuta kapena m'buku: nambala, deti, zimene zasintha, chifukwa, amene anayambitsa, ndalama, masiku, ndi pamene nkhaniyo yafika. Phindu lake limaoneka zosintha zikachuluka. Chimodzi pachokha sichinena zambiri, koma mukaona kuti mwa zosintha makumi atatu, khumi ndi zisanu zachokera pa mapulani amagetsi ndi a mapaipi kuwombana, mwadziwa pofunika kukonza ntchito isanafike pa nsanjika yotsatira. Mwini ntchito amene amadandaula kuti kontrakitala akungokweza mtengo amathanso kuona ndi maso ake kuti theka la zosinthazo anazipempha ndi iye.

Kaundula amagwiranso chinthu chimene fomu imodzi singagwire. Zosintha zing'onozing'ono zambiri, chilichonse cha tsiku limodzi kapena awiri, zikaunjikana zimasokoneza ndandanda yonse: amisiri amabwerera pamene anamaliza kale, wopaka penti amadikira wamagetsi, katundu amaitanitsidwa kawiri. Kusonyeza kuunjikana kotereku n'kovuta kwambiri pa mikangano ya zomangamanga, ndipo popanda kaundula wokhala ndi madeti ndi zifukwa n'kosatheka.

Ine ndikungomanga nyumba yanga yokhalamo ndi mmisiri mmodzi. Zonsezi zikundikhudza?

Mafomu ndi manambala a ndime sakukukhudzani, koma funso lachinayi lija likukukhudzani. Gulani kope limodzi likhale pa saiti. Mukasintha kanthu, lembani deti, chimene chasintha, chifukwa chake, ndalama zowonjezera kapena zochotsera, ndi masiku, kenako musayine nonse awiri, aliyense ajambule tsambalo pa foni yake. Mikangano ya ntchito zazing'ono imawawa kuposa ya makampani, poti anthu ake amadziwana, ndipo nthawi zambiri palibe wabodza pakati pawo. Wina akukumbukira kuti anati khonde likule pang'ono, mnzake akukumbukira kuti anauzidwa mita yathunthu.

Ntchito inachitika kale ndipo sitinalembe chilichonse. Titani pamenepa?

Musalembe pepala lero n'kuikapo deti la miyezi itatu yapitayo. Chimenecho ndi chinyengo, ndipo chikadziwika chimaipitsa ngakhale mapepala anu oona. Lembani ndi deti la lero, munene poyera kuti mukufotokoza zimene zinachitika pa tsiku lakutilakuti, ndipo mutchule pamene mwatenga mfundo iliyonse.

Umboni umakhalapo wambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Yambani ndi buku la kapitawo. Kenako mapepala olandirira katundu, amene amasonyeza tsiku limene simenti kapena zitsulo zowonjezera zinafika. Zithunzi za m'mafoni zimasunga deti ndi nthawi mkati mwake, choncho pemphani zenizenizo, osati zimene zatumizidwa kangapo. Onani mfundo za misonkhano ya pa saiti, mapepala a malipiro a amisiri, ndi makope akale a mapulani, makamaka aja okhala ndi zolemba za pensulo m'mbali, amene nthawi zambiri amapezeka atapindidwa m'bokosi la zida. Funsani amene analipo, aliyense payekha, alembe zimene akukumbukira asanamve za mnzake. Zikasonkhana, khalani pansi ndi mbali inayo, mugwirizane pa zimene mungathe, zotsalazo muzilembe kuti simunagwirizane. Ngati malire a masiku a m'kontrakiti anadutsa kale, onanani ndi loya wodziwa za zomangamanga musanatumize kalata iliyonse, poti mmene malire amenewo amagwirira ntchito zimadalira mawu a kontrakiti yanu ndi malamulo a dziko limene ntchitoyo ili.